Takondwa akufuna kukaphunzira moto wopanda utsi

Lamulungu lapitali ndinaitanidwa ku Nathenje kuti ndikaletse mwana wamkazi kupita kusukulu.

Eya, mwawerenga bwino. Ine yemwe ndimakusokosani patsamba lino kuti atsikana aziphunzira, ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza pa Mitundu, fumbi lili koboo, ulendo wokatsekera mwana njira.

Wondiitana anali mlongo wanga Nankhoma. Anandiimbira Loweruka, ndipo pafoni sanataye nthawi ndi moni.

"Achimwene, mubwere mawa. Mwana wanu wazungulira mutu."

"Watani? Ndi mimba?"

"Bola ikanakhala mimba! Akuti akufuna akaphunzire za mabomba."

Mwana wonenedwayo ndi Takondwa. Mlongo wangayu anabereka anyamata okhaokha, wamkazi ndi yekhayu. Anamaliza maphunziro a zamagetsi kuyunivesite, ndipo tsopano wasankhidwa kuti apite kunja, ulendo wolipiriridwa zonse, akaphunzire mmene amapangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya. Anamuuza kuti ayankhe pofika Lolemba la mlungu wamawa. Akakhala chete, malowo apatsa wina.

Mwina mukufunsa kuti nanga ine wachigayo zikundikhudza bwanji? Inu a m'tauni mwaiwala msanga. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndine tsibweni wake, mwinimbumba. Ukwati wake udzafunsiridwa kwa ine, mlandu wake udzagwera ine, ndipo ulendo wotere sungachitike ine ndisanatsegule pakamwa. Bambo ake omubereka, a Makwinja, anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, n'kukwatira pamudzi pathu. Ndi mkamwini. Pa nkhani za mbumba, mkamwini amamvetsera basi.

Ndisakunamizeni, panjira ponse yankho linali lili kale m'thumba. Mawu oti nyukiliya ine ndimawamva pa wailesi atsogoleri a maiko akamaopsezana. Ndinati mumtima, mwana wa mlongo wanga akalowe m'zimenezo? Ayi ndithu.

Ndinapeza atandiikira kale mpando pakhonde. Nankhoma anakhala pamphasa, nkhope ili gwaa. Takondwa anagwada n'kundipatsa moni, kenako anakhala pafupi ndi amake koma osayang'anana. A Makwinja anakhala chapatali, pa njerwa, pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo.

"Kambani, achemwali," ndinatero.

"Ndikambe chiyani? Anzanga akutchalitchi andiuza zonse. Akuti ogwira ntchito kumeneko tsitsi limasosoka. Akuti mkazi akangolowako, basi, kubereka aiwale. Mumuuze mwana wanuyu kuti ntchito apeze konkuno. Amagetsi alipo ambirimbiri, onse anapita kunja?"

Ndinatembenukira kwa Takondwa nditakonza kale kukhosi kuti ndigamule. Iye anandidula mwaulemu.

"Atsibweni, musanalankhule, ndikupempha kuti tipite kubalani ya ababa. Ndikakuonetseni chinthu."

Kuseri kwa nyumba a Makwinja anamanga balani yawo yaing'ono ya njerwa zowotcha, youmitsira fodya ndi moto. Nyengo ino ili yopanda kanthu, muli akangaude ndi fungo la fodya wa chaka chatha. Tinalowamo ine ndi Takondwa. Amake anatsatira monyinyirika n'kuima pakhomo. Eni balaniwo anaima panja.

"Atsibweni, chigayo chanu chimazungulira ndi chiyani?"

"Ukundiyesa? Ndi mota."

"Mota imadya magetsi n'kumazungulira. Tsono mukaitembenuza ntchito, inu n'kumaizunguliza, imatulutsa magetsi. Imeneyo ndiye jenereta. Nkhani yonse ya magetsi ambiri padziko pano ndi kupeza chinthu champhamvu chozunguliza jenereta. Ife kuno timadalira madzi a mu Shire. Kwina amawiritsa madzi ndi malasha, nthunzi n'kumakankha chigudumu cha mapiko, chigudumucho n'kumazunguliza jenereta. Nyukiliya nayonso ndi kuwiritsa madzi."

"Basi?"

"Basi."

"Iwe mwana iwe! Ndege yonseyi, kulira konseku, ukufuna ukaphunzire kuwiritsa madzi? Amako sangakuphunzitse pompano?"

Anaseka. Ngakhale Nankhoma pakhomo paja ndinamuona akubisa pakamwa ndi chitenje.

"Kusiyana kwake ndi moto wake, atsibweni. Sayatsa nkhuni, sayatsa malasha, sayatsa dizilo. Pali mwala wina wotchedwa yureniyamu, womwe uja amakumba ku Karonga. Chinthu chilichonse, inu, ine, njerwa iyi, chinapangidwa ndi timbewu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timati maatomu. A yureniyamu ndi olemera ndipo ena mwa iwo sachedwa kusweka. Mukaigenda atomu imodzi ndi kachidutswa kakang'ono, imang'ambika pakati, n'kutulutsa kutentha kwadzaoneni, komanso tizidutswa tina. Tizidutswato timakagenda maatomu ena, enawo n'kung'ambikanso, n'kumapitirira choncho. Kutentha kumeneko ndi kumene kumawiritsa madzi."

"Ehee! Ndiye bomba lija limenelo."

"Ayi. Bomba ndi pamene onse ang'ambika nthawi imodzi, ndipo limafuna yureniyamu wosefedwa kwambiri. Wa magetsiyu ndi wofooka, sangaphulike ngati bomba. Komanso pakati pake amalowetsapo ndodo zimene zimameza tizidutswa tija. Mukazitsitsa, moto umachepa. Mukazikweza, umakula. Mukazitsitsa zonse, kung'ambikako kumaima."

Kenako anandilozera pansi. Amene munalowapo m'balani mukudziwa mmene imakhalira. Ng'anjo ili panja, ndipo mapaipi akuluakulu achitsulo amachoka kung'anjoko, n'kuyenda pansi m'kati mwa balani, n'kukatulukira kuchumuni.

"Ababa akasonkha moto panjapo, utsi umakhudza fodya?"

"Ukakhudza ndiye kuti fodya wawonongeka," ndinayankha.

"Utsi umayenda m'paipi, fodya amangolandira kutentha. Kumenekonso nthawi zambiri amachita chimodzimodzi. Madzi amene amadutsa pa yureniyamu amazungulira m'mapaipi awoawo otsekeka. Amangopatsira kutentha madzi ena, ndipo enawo ndi amene amasanduka nthunzi yokankha chigudumu. Zonsezo amazitsekera m'chinyumba cha simenti ndi zitsulo chochindikala kwabasi, kuti cheza choopsa chimene chimatuluka mmenemo chisafike kwa anthu."

Abale anga, ine sayansi inandikana ndili Fomu 2, koma apa ndinamva. Ndinamva chifukwa mapaipiwo ndinali kuwaponda.

Ndinafunsa funso la wachigayo. "Magetsi akewo amathima?"

"Malo oterowo amayaka usana ndi usiku, miyezi ndi miyezi osapuma. Kaya mvula yavuta, kaya Shire waphwa, kaya kuli mitambo, iwo alibe nazo ntchito. Satulutsa utsi wowononga nyengo. Ndipo kayureniyamu kochepa ngati nsonga ya chala kamatulutsa kutentha kumene mungafune ngolo ndi ngolo za nkhuni."

Mtima wanga unayamba kusungunuka, ndipo ndinadziwa kuti ukusungunuka molakwika. Ndinali kuganiza za chigayo changa, osati za mwana. Munthu amene magetsi amuzunza ngati ine, mukangomuuza kuti kuli magetsi osathima, angagulitse ndi mbumba yomwe.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mwambo sunanditume. Ndinasuzumira panja n'kuitana.

"Alamu, talowani. Balani ndi yanu, mwana ndi wanu. Mwasonkha moto moyo wanu wonse. Inu mukuti bwanji?"

A Makwinja anayang'ana kumbuyo ngati ndikuitana wina. Nankhoma anandiponyera diso loti, achimwene, mwayamba liti zimenezi? Koma a Makwinja analowa, chipewa chili m'manja, n'kutsokomola kaye chifuwa chawo chija chimene sichitha.

"Ine ndilibe mawu, alamu. Ndili ndi mafunso chabe." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Mayi, moto uliwonse uli ndi phulusa. Lanulo mumataya kuti?"

Takondwa anawayang'ana abambo ake. Nkhope yake inasintha.

"Limenelo ndiye vuto lalikulu, ababa. Silitayidwa. Ndi lochepa, koma ndi loopsa, ndipo limakhalabe loopsa zaka zikwizikwi. Poyamba amalisunga pansi pa madzi kuti lizizire, kenako amalitsekera m'migolo yachitsulo ndi simenti. Maiko ena akukumba pansi penipeni m'thanthwe kuti akalikwirire kumeneko. Koma ndikanena kuti nkhaniyi inatha, ndikunamizani. Anthu akulimbana nayobe."

"Chabwino. Nanga wosonkha moto akagona? Kuno ukangosinza, tsamba louma likagwera pa paipi yotentha, balani yonse yapita, thukuta la chaka chonse."

"Zinachitikapo, ababa. Ku Ukraine zinachitika, ku Japan zinachitika. Anthu anasamutsidwa m'midzi yawo, ena mpaka lero sanabwerere. Ngozi zake sizichitika kawirikawiri, koma ikachitika ndi yaikulu. Ndipo moto umenewu ngakhale mwauzimitsa, umatenthabe masiku ambiri, moti madzi oziziritsa asaleke kuyenda. N'chifukwa chake amaika makina odzizimitsa okha, ndi ena odikirira ngati oyambawo alephera, ndi anthu osinthanasinthana. Koma munthu wamphwayi akhoza kuwononga zonsezo. Ine ndimauopa."

A Makwinja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako analankhula kwa ine, koma maso ali kwa akazi awo.

"Alamu, pa esiteti paja ndinaphunzitsa anthu ambiri kusonkha moto. Amene ankati, aa, zosavuta izi, ndi amene anawotcha mabalani. Uyu wanena yekha kuti akuuopa, ndipo za phulusa sanandibisire. Woteroyo ine ndimamusiyira ng'anjo n'kupita kukadya." Anatsokomolanso. "Mitengo imene ndaponya pamoto ndi manja awawa, ikanakhala chiimire, bwenzi kuchokera pano mpaka ku nkhalango ya Dzalanyama mukuyenda mumthunzi. Ndatsala ndi chifuwa. Ngati kuli moto wosadya mitengo, mwana wanga akauone. Ndatha."

Zaka zonsezi sindinawamvepo alamu anga akulankhula mawu ambiri chotero pa nkhani ya pamudzi pathu.

Koma Nankhoma sanagwedezeke.

"Mwatha amuna inu? Za mitengo ndamva, za chigayo ndamva. Nanga za kubereka? Bwanji palibe akuyankha?"

"Amayi," anatero Takondwa, "anzanuwo sananame zonse. Cheza chimenechi chikamulowa munthu chambiri chimapha, chimayambitsa khansa, chimatseketsa kubereka. Koma ogwira ntchito kumeneko amakhala kuseri kwa makoma, ndipo aliyense amavala kachipangizo koyeza cheza chimene walandira. Akazi amagwira ntchito kumeneko n'kumabereka bwinobwino. Inuyo simunajambulidwe m'chifuwa kuchipatala chaka chatha? Chimene chija ndi cheza chomwecho, chongoyezedwa bwino."

"Eya, ndinajambulidwa. Ndipo wondijambulayo anathawira kuseri kwa khoma, n'kundisiya ndekha!"

"Ndiye sukulu yake ndi imeneyo, amayi. Kudziwa khoma loti uime kuseri kwake."

Ine ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Mlongo wanga anali atayamba kulira.

"Inu mukuseka. Ine ndili ndi mwana wamkazi mmodzi. Anyamatawa adzakwatira n'kupita kwa eni ake. Munda uwu anatisiyira amayi athu, ndani adzaulime? Nyumba iyi ndani adzatsegule? Akapita n'kubwera wosabereka, mbumba yathera pa ine. Akapita n'kukakwatiwa komweko osabwera, mbumba yatheranso pa ine. Achimwene, inu ndinu mwinimbumba. Mudzakhala mwini wa chiyani?"

Funso limenelo linandilasa. Za mabomba zija zinali chophimba chabe. Chenicheni chinali ichi, ndipo pa ichi panalibe paipi yoti Takondwa aloze.

Tinabwerera pakhonde. Onse anali kudikira ine.

Ndinati, "Ine ndalola kuti apite. Koma sindimukwatula m'manja mwa amake. Achemwali, mawu omaliza ndi anu. Mukakana, sapita, ndipo ine sindidzakunenani."

Nankhoma anaimirira, n'kukutumula chitenje, n'kulowa kukhitchini. Nkhuku imene ndinaiona itamangidwa miyendo pofika paja, pochoka ndinaiona ikuyendayenda pabwalo. Ndinabwerera ku Mitundu ndi njala.

Mlungu wonsewu nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu, ndipo nthawi yoganiza ndinali nayo yambiri, poti magetsi akhala akuthimathima. Chigayo chikakhala zii, wachigayo amasanduka wafilosofi.

Choyamba chimene ndaona ndi ichi. Ife timaopa zinthu ndi makutu. Wina akangoti wamva, ife tagwira kale mutu. Ndinachoka kuno ndi yankho m'thumba pa chinthu chimene sindinkachidziwa n'komwe. Ndi ana angati m'midzi yathuyi amene njira yawo inatsekedwa ndi atsibweni ovala jekete, amene anagamula asanafunse?

Koma musandimve molakwa. Sindikuti mawa tiyambe kukumba maziko pa Nathenje. Takondwa yemweyo anandiuza kuti kumanga malo otero kumadya chuma choti dziko ngati lathu likhoza kukhala pangongole mpaka adzukulu, ndipo kumatenga zaka zambiri. Kumafuna madzi ochuluka oziziritsira. Kumafuna mawaya olimba onyamula magetsiwo, osati athu aja amene amagwa mphepo ikangotsokomola. Akuti akatswiri akuyesa kupanga timalo ting'onoting'ono totsikirapo mtengo, koma nazonso sizinafike poti n'kudalira.

Ndipo pali china chimene ine ndikuchiopa kuposa yureniyamu. Ndi kakhalidwe kathu kaja koti tidzakonza mawa. Mjigo ukawonongeka timamanga ndi mphira. Thiransifoma ikapsa timadikira miyezi. Mlatho ukang'ambika timaikapo nthambi kuti oyendetsa galimoto aone. Ine ndemwe lamba wa chigayo ndimamusintha atachita kuduka. Moto uja sufuna anthu otero. Funso la alamu anga lija, loti wosonkha akagona, si la Takondwa yekha ayi. Ndi lathu tonse.

Nanga tsono tizingokhala?

Taimani m'mawa pamsewu wochokera ku Malingunde muwerenge ndi maso njinga za makala zikulowera m'tauni, matumba atasanjikizana kuposa mutu wa wopalasa. Ameneyo ndi Dzalanyama akupita kukaphika nyemba. Anthu amenewo si oipa, akufuna kudyetsa ana. Ogulawonso si oipa, magetsi ophikira alibe, ndipo amene ali nawo sawakhulupirira. Dziko lonse tapachika pa mtsinje umodzi. Ukaphwa tili mumdima, ukasefukira n'kuwononga makina tilinso mumdima. Sola ikutithandiza, ndipo tiiwonjezere ndithu, koma dzuwa likalowa nayonso imaweruka.

Pamene zili choncho, mwala uja uli m'nthaka yathu yomwe. Eni luso amabwera, amakumba, amapita nawo, n'kukawalitsa mizinda yawo. Ife timatsala ndi dzenje ndi tochi ya pafoni. Ku South Africa magetsi otere alipo kale. Maiko ena a mu Africa muno akumanga, ena akukambirana. Tsiku lina nkhaniyi idzafika pakhomo pathu, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Adzabwera anthu a masuti ndi mapepala awo okoma. Tsiku limenelo ndani adzakhale mbali yathu ya tebulo n'kufunsa kuti, phulusa lake mudzataya kuti? Ndani adzadziwe ngati yankho lawo lili loona?

Ine ndikufuna pampando umenewo padzakhale mwana amene anakulira kuseri kwa balani. Kaya adzati timange, kaya adzati tisamange, adzanena akudziwa. Ndipo ngakhale malo oterowo asadzamangidwe m'moyo wathu, anthu odziwa za cheza tikuwafuna kale, m'zipatala mmene amawotcha khansa ndi makina, ndi kumigodi kumene anthu akumwa madzi oyandikana ndi miyala imeneyi.

Koma kulira kwa mlongo wanga nakonso musakupeputse. Ana athu ambiri ophunzira amapita osabwerera, ndipo si chifukwa choti ndi oipa mtima. Amabwera ndi luso n'kupeza palibe pogwira. Amayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kenako amakweranso ndege. Inu amene mumatumiza anawa kunja, mwawakonzera poti adzafikire? Chifukwa mayi wa ku Nathenje sakupereka nambala pa pepala lanu. Akupereka mbumba yake yonse.

Lolemba la mlungu uno linadutsa, foni zii. Lachiwiri zii. Takondwa ananditumizira uthenga woti amake akungoyankha moni basi. Ndinamuuza kuti apirire, koma ine ndemwe ndinali nditataya mtima. Ndinayamba kudzifunsa ngati sindinalakwitse kusiya mawu omaliza m'manja mwa munthu wolira.

Lachisanu chakumasana ndinali nditakhala pa thumba la gaga pakhomo pa chigayo. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Amayi anali ndandanda pamthunzi ndi malichero ndi ndowa zawo, ena atagona pa zitenje. Ndinangoona njinga yamoto ikuima, ndipo wotsika anali Nankhoma, fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula kathumba ka mphale.

Ku Nathenje zigayo zilipo zambiri. Munthu sachoka kumeneko kudzagayitsa ku Mitundu.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Mundigayire mphaleyi. Ikhale yosalala bwino, musandipatse zamiseremisere zanu zija."

"Mwadutsa zigayo zonse zija chifukwa cha kathumba aka?"

"Ndi ufa wa mwana wanu. Ndamva kuti kumeneko amadya mbatata ndi buledi basi. Ndikufuna anyamule ufa wa m'munda mwa amayi athu, wogayidwa ndi atsibweni ake, kuti akamadya azikumbukira kumene kuli kwawo." Kenako anafunsa, "Kodi m'ndege amalola ufa?"

Ndinayang'ana kumbali ngati ndikufuna sikelo, chifukwa mwamuna wamkulu kulira pamaso pa makasitomala si zoona.

"Mwamuuza?" ndinafunsa.

"Ndamuuza m'mawa. Wayankha kale anthu akewo. Koma ndamuuzanso kuti akachedwa kubwera, ndidzatuma inuyo kukamutenga, poti ndinu munalola. Ndipo abambo ake, kuyambira Lamulungu lija sakutseka pakamwa. Mwandiwonongera mwamuna."

Anatula kathumbako pafupi ndi makina n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Nanga bwanji simukuyatsa?"

"Magetsi, achemwali. Athima kuyambira m'mawa."

"Abwera nthawi yanji?"

"Amadziwa ndi Mulungu."

Anayang'ana amayi aja ali ndandanda pamthunzi, ana ali kumsana, dzuwa likupendeka. Anayang'ana chigayo chili duu. Kenako anayala chitenje chake kumapeto kwa mzere, n'kukhala pansi ngati wina aliyense.

"Achimwene," anatero, "mumuimbire mwana wanuyo. Mumuuze kuti akakafika kumeneko asakachite zachibwana. Aphunzire msangamsanga, anthu akudikira kuno."